Madzi Kaye, Dzanja Pambuyo

Wumbei watsuka magalimoto kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pansi pa mtengo wa nimu, m'mbali mwa msewu wopita ku Savelugu, ndipo zaka zonsezo wakhala akukangana ndi anthu a ku Tamale pa nkhani imodzi yokha. Mphepo youma ikayamba kuthira fumbi m'tauni, aliyense amene ali ndi galimoto amatola kansanza kouma n'kuyamba kupukuta. Wumbei akaona zimenezo mutu umamuwawa.

"Fumbi ndi mchenga, bwana!" amakuwa. "Mukupala galimoto yanu ngati poto. Madzi kaye, dzanja pambuyo!"

Amamuseka. Koma penti ikachita mbuu amabwera kwa iye yemweyo, nkhope zili zyolizyoli, kuti aikonze. Chomunyaditsa chinali chimodzi: palibe galimoto inachokapo m'manja mwake ndi kamzere ngakhale kamodzi. Nyumba yake ndi ya chipinda chimodzi, zikhatho zake n'zong'aluka ndi sopo, koma dzina limenelo anali nalo.

Tsiku limene mwana wake Lariba ankakwatiwa, asewere ake, Alhaji Sayibu ogulitsa zilazi, anabweretsa galimoto yawo yakuda yoti idzanyamule mkwatibwi. Inali itangochokera kumudzi, ndipo ukuda wake munthu ankachita kuuzidwa. Dothi lofiira linali litaumira mpaka padenga, kumatayala kuli ndowe, paboneti mbalame zitachitapo zawo.

"Ng'ombe mulibe, asewere," anatero Alhaji pomupatsa makiyi, akuseka, "koma manja muli nawo. Tione."

Lariba anamva mawu amenewo. Anakokera bambo ake pambali n'kunena motsitsa, "Baba, iwale mpaka achite manyazi. Aone kuti ntchito yanu ndi ntchito."

Mipopi inali itauma kwa milungu itatu. Madzi a mumgolo azimayi ophika mpunga wa ukwati anali atawalanda kale, ndipo atapempha ndowa imodzi anamufunsa ngati alendo adye galimoto. Anakwera njinga kupita kudamu, maulendo anayi, zigubu ziwiriziwiri, akutukwana chamumtima njira yonse.

Galimoto yotere siifuna phuma. Anaithira madzi osaikhudza, n'kudikira dothi lifewe, n'kuthiranso mpaka litayamba kutsika lokha. Woyendetsa galimotoyo anabwera ndi sopo waufa wochapira zovala kuti zifulumire, ndipo Wumbei anamuthamangitsa ngati nkhuku. Kenako anatenga ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira siponji, kuti mchenga usabwerere papenti. Anayambira padenga kutsika, dzanja likuyenda mowongoka, osazunguza. Matayala anawasiyira nsanza yawoyawo. Pofika masana galimoto inali yakudadi, ndipo msana wake unali utathyoka.

Anayamba kupaka polishi, chitseko chimodzi panthawi. Polishi ukapaka amachita mbuu, ndipo nyengo ya mphepoyi umayenera kumupukuta msanga ndi nsalu yofewa fumbi lisanakhalepo. Anali atangopaka chitseko chakumbuyo, chimene Lariba adzalowere, pamene kunatulukira mkulu wina wa ndodo atavala mkanjo wokhuthala woluka pamanja. Anali a Neindow, akulu awo a Alhaji, mwini wake wa khomo limene Lariba ankakakhala. Pakhomo pamenepo mkazi watsopano amadya bwino kapena kulira malinga ndi mmene a Neindow amuonera.

Munthu wotero sumupatsa moni uli chiimire. Wumbei anaika nsalu pansi n'kunjuta.

"Kuzizira kwakeku bwanji?" anayamba mkuluyo.

"Naa," anavomera Wumbei, monga mwa mwambo.

"Akunyumba?"

"Naa."

"Ana? Ntchito? Kutopa kwa dzulo?"

Moni wa mkulu wa kumudzi alibe mabuleki. Anafunsa za mayi ake a Wumbei, amene anamwalira kalekale, n'kupepesa, n'kuyambiranso poyamba. Ali mkati mofunsa za mbuzi, kamvuluvulu anadutsa pamsewu n'kumwaza fumbi pachitseko chija. Wumbei analiona likumatirira papolishi. Miyendo inkamunyerenyetsa kuti adzuke, koma moni anali asanathe.

Ndiye a Neindow anatembenuka n'kuona chitseko chili mbuu.

"Aa, asewere, apa mwaiwala," anatero mokoma mtima. "Mwatopa inu. Kwathu sitinyoza ntchito ya munthu. Lero ndife amodzi, ndikuthandizeni."

Anagwira mpendero wa mkanjo wawo, wokhakhala ngati chiguduli, umene unali utakolola fumbi la ulendo wonse, n'kuyamba kutikita chitsekocho mozunguza, ndi mphamvu zawo zonse.

Wumbei anamva kaphokoso kake, kaja amakamva ngakhale ali m'tulo. Mawu amene wakuwira madalaivala, aphunzitsi ndi apolisi anafika pakhosi. Koma anthu a ukwati anali atayamba kusonkhana, akuyang'ana mkulu wolemekezeka akuthandiza wotsuka magalimoto. Kumukalipira pamenepo kukanakhala kumuvula pagulu, ndipo mawa lake Lariba akanadzuka m'khomo la munthu wochititsidwa manyazi ndi bambo ake.

"Mwaona mmene chikuwalira?" anafunsa a Neindow, akupuma mwawefuwefu.

Wumbei anatola nsalu yake pansi. "Naa," anatero.

Mkuluyo atapita, anayesa zonse zimene ankadziwa. Anatsukanso ndi madzi otsala, anapaka polishi kawiri. Timizere tating'ono tinabisika, koma tina tinali titalowa mkati. Pamthunzi chitseko chinkaoneka bwino. Atangotulutsa galimotoyo padzuwa, mizere yozungulira inaonekera ngati ukonde wa kangaude.

Alhaji anaiona asanaone china chilichonse. Denga lowala ngati galasi sanaliyang'ane n'komwe.

"Zaka zonse zija n'zimenezi, asewere?" anafunsa mokweza kuti onse amve. "Mesa amati simukala galimoto?"

A Neindow anali chapomwepo, akutafuna mtedza wa kola, osadziwa kanthu. Wumbei anawayang'ana, n'kuyang'ana pansi.

"Dzanja linaterereka, Alhaji. Pepani."

Madalaivala awiri amene Wumbei wakhala akuwakalipira zaka zambiri anaseka mpaka kugwirana mapewa. Iye ankadziwa kuti pofika mawa nkhaniyo ikhala itafika pamalo onse okwerera magalimoto, ndipo zinamupweteka kuposa msana uja.

Ng'oma zinalira, azimayi anatulutsa mkwatibwi atamufunditsa nsalu. Pachitseko Lariba anaima. Anakweza nsaluyo pang'ono, n'kuyendetsa chala pamizere ija. Anakulira pansi pa nimu uja, ndipo ankadziwa kuti dzanja la bambo ake silizungulira.

"Awa si manja anu, Baba," ananong'ona. "Ndani?"

Wumbei anatsegula chitsekocho ndi nsalu yake yofewa kuti asasiyepo chala.

"Lowa, mwana wanga," anatero. "Kumene ukupitako akakulandira bwino."