Womasulira Ndiye Analakwitsa

Loweruka lapitali ndinatukwana mayi wachikulire ku Cuamba, pamaso pa abale ake onse. Mawuwo sanali anga, koma pakamwa panali panga.

Mukudziwa kale, awerengi anga, kuti miyezi ino ndili kalikiliki kufunsira malo a doutoramento, digiri yapamwamba ija, pa maphunziro a kumasulira zilankhulo. Ayunivesite amafuna uyambe walemba chimene ukafufuze. Ine ndinalemba monyadira kuti womasulira amafunika pamene anthu sakumvana chilankhulo. Nzeru zimenezi zinathera Loweruka lomwelo.

Mlongo wanga Rosa anachoka kubanja ndi mwana kumsana, atatopa ndi apongozi ake amene amalawa ndiwo zake zilizonse n'kupukusa mutu. Ankhoswe akanapanda kukonza, banja likanathera pomwepo. Tsono amalume, a Dinala, omwe ndi ankhoswe a Rosa, anandipeza kusukulu kumene ndimaphunzitsa kuno ku Mandimba.

"Akuchimunawa ndi Amakhuwa. Iwe si uja ukuphunzira zomasulira? Tiye tikakwere chapa."

Ndinakwera minibasiyo pamodzi ndi amalume ndi Rosa, nditamanga gravata, tayi uja, pakhosi, kuti adziwe kuti kwathu kuli anthu.

Titakhala pakhonde la apongozi a Rosa ku Cuamba, amalume anayamba mwaulemu m'Chinyanja, ine n'kumatembenuzira m'Chimakhuwa. Kenaka anatentha.

"Uwauze kuti mwana wathu sanabwere kuno kudzalemba mayeso a ndiwo. Apongozi otere, kwathu timasinthanitsa ndi njinga yopanda tcheni."

Ndinafuna kuwafewetsa mawuwo. Koma mabuku anga onse amati womasulira asabe mawu, asawonjezerenso. Ndinapereka zonse, ndi njinga yomwe.

Mayi aja, apongozi a Rosa, anadzambatuka. Mlamu wanga Jaime, mwamuna wa Rosa, anagwira kumutu. Rosa anayamba kubereka mwana kuti tizipita, ndipo ine ndinati mumtima: banja la mlongo wanga ndalipha ndekha.

"Ine ndanena zimenezo?" anatero amalume, maso ali gwa. "Pepani mayi, mwana uyu sukulu yamuzunguza mutu."

Mayi aja anandiyang'ana kuyambira gravata mpaka nsapato. Kenaka anayankha m'Chinyanja chomveka bwino, chimene anachiphunzira ku Malawi nthawi ya nkhondo.

"Ndamva ndekha, bambo. Simunanene choncho."

Anakhala pansi n'kuyamba zawo m'Chimakhuwa: akuti Rosa amaphika ngati akulanga munthu, ndipo amalume ake pakamwa n'pachimbudzi cha pasiteshoni. Ndinamasulira thukuta lili kamukamu. Nawonso anakana kuti sananene. Amalume, amene anagulitsa fodya ku Cuamba zaka zambirimbiri, anawaikira umboni m'Chimakhuwa choposa changa.

Choncho aliyense anatulutsa za kukhosi, aliyense anamva, koma palibe amene anatukwana mnzake. Wachipongwe ndinali ine ndekha. Anagwirizana kuti mayi azilawa ndiwo Lamlungu lokha. Rosa anatsitsa mwana. Anapha nkhuku, ine anandipatsa khosi.

Zinandiwawa, ndisaname. Koma taganizani. Kwathu kuno, kumene mwana amagula tomato m'Chiyao, kukangana m'Chimakhuwa n'kupepesa m'Chipwitikizi, ndi angati amene samvadi mnzawo? Nanga bwanji msonkhano uliwonse umafuna womasulira?

Bwana wa kuboma akalonjeza mlatho, mlathowo osabwera, timadzamva kuti womasulira anawonjezera. Abambo ansembe kutchalitchi akakhudza za mitala, amuna n'kukwiya, pakhomo amati katekista ndiye anathira tsabola. Paja amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ife tinachenjera: timabwereka mutu wa wina.

Pa banja la Rosa, chizolowezi chimenechi chinathandiza, ndipo khosi la nkhuku ndinalidya mosadandaula kwambiri. Koma pa mlatho uja, tikuwolokabe nsapato zili m'manja.

Pobwerera, titapanikizana m'chapa pakati pa matumba a chinangwa, ndinawauza amalume kuti zimene ndinalembera ayunivesite ndikazilembanso, popeza sabata yamawa akandifunsa mafunso palamya. Ndinayembekeza kuti anyadira. Koma titadutsa Mitande anandifunsa:

"Digiri imeneyo ukaitenga, anthu azidzati sungalakwitse?"

"Eya, malume. N'chifukwa chake ndikuifuna."

Anapumira m'mwamba.

"Ndiye usafulumire nayo, mwanawe. Mng'ono wako Tomasi mkazi wake wayamba kulongedza katundu. Iwe ukakhala wosalakwitsa, ife tidzanamizira ndani?"