Tiki Yobooledwa Pakhutu

Amene anakhalako ku Salisbury Lines akuwadziwa amayi Esme NyaMhango, nkhalamba yopindika msana imene inkayanika mapoto pathandala m'mbali mwa ngalande. Moyo wawo unathera pa kutsuka. Anayamba ali buthu, kutsuka ziwiya m'nyumba za akuluakulu a boma ku Katawa, nadzamalizira ku Luwinga pa mbale za ana asukulu ochita lendi, mpaka zala zinakhakhala ngati khungwa. Sopo wawo anali phulusa ndi mchenga. Poto wodutsa m'manja mwawo, munthu ankadzionerapo nkhope.

Ana awo anthu ankawadziwa, kupatula woyamba. Ameneyo anamwalira mchombo usanagwe, dzina asanapatsidwe. Mwa mwambo wa masiku amenewo, amayi akuluakulu okha ndiwo anamunyamula m'kansalu kukamuika kudambo. Mayi wa khandalo anatsekeredwa m'nyumba, nalangizidwa kuti asafunse malowo. Esme anamvera. Ntchembere zija zinatha imodziimodzi, mabango a kudambo anadulidwa, ndipo pamene pankalira achule panamera nyumba zothithikana. Pakati pa nyumba zonsezo panali mwana wawo, koma pati, sankadziwa.

Khandalo linapita ndi chinthu chimodzi chokha. Amuna a amayi Esme, malemu a Stanford, anabwera ku Halale ndi tiki yasiliva, kandalama ka mapeni atatu, yakale kale ngakhale nthawi imeneyo. Poiboola kuti amangirire mwana padzanja, msomali unaterereka n'kulowa pakhutu pa mfumu ya Angelezi imene inali pandalamapo. “Basi, taiboola khutu mfumuyi, ivale ndolo,” anaseka a Stanford. Amayi ambiri ankaboola matiki, koma ankaboola m'mphepete, pamwamba pa mutu. Yapakhutu inali yawo yokha.

Tsiku lina masana kunabwera Chawanangwa, pulambala wopemphera nawo mpingo umodzi, bambo wa imvi zoyamba kumene. Anali ndi makina ake onga ndodo yokhala ndi mbale kunsonga, amene amalira akadutsa pamwamba pa chitsulo chokwiririka. Omanga nyumba ankamuitana kuti awapezere mapaipi akale asanawatheme ndi piki.

“Monire amama.”

“Yewo. Wabwera kudzafufuza chuma pakhomo pa mmphawi?”

“Chuma ndachipeza kale. Tandiuzani msanga kuti n'chiyani, mwina ndisiye kutokosa zimbudzi za anthu.”

Chawanangwa anawaikira m'dzanja kanthu kakuda bii, kopyapyala ngati chikhadabo. Amayi Esme anakayesa kulemera, nakazunguza ndi chala.

“Tiki iyi. Walemera chomene, mwana wanga, kagule ndege.”

Akuseka choncho, chala chinagwera m'kabowo. Kuseka kunathera pomwepo.

“Waitola pati?”

“Kumunsi kuja kumene kunali dambo, pamene akumanga bwana wa ku Lilongwe. Maziko akumba kale, simenti akuthira Loweruka.”

Pamenepo anamuuza zonse, nkhani imene ngakhale ana awo sanaimvepo bwinobwino. Chawanangwa anavula chipewa, nakhala pamtondo. Anati mafupa sanaonepo, koma dothi la kudambo limadya chilichonse. Anapendeketsa ndalamayo kudzuwa. M'kati mwa kudako munkaoneka mizere yozimirira, ngati chithunzithunzi cha mutu wa munthu, ndipo kabowoko sikanali m'mphepete penipeni. Koma khutu lili kuti, chipumi chili kuti, maso ake analephera, ndipo a amayiwo anali atachita kale ng'ala.

“Isungeni, amama. Mawa ndibwera ndi galasi lokulitsa zinthu, ndikabwereka kwa mnzanga wokonza mawotchi. Tidzaona.”

Atachoka, amayi Esme anakhala nayo m'manja mpaka dzuwa linapendeka. Mtima unkawauza kuti nkhope ya mfumuyo ilipo, yangobisika ndi litsiro, monga limabisalira dzina la fakitale kunsi kwa poto. Ndipo ngati inalidi ya mwana wawo, akanaigoneka bwanji m'nyumba ili yakuda chotero? Anatapa phulusa, nasakaniza ndi mchenga wosalala, nafinyira ndimu. Anaikwecha mosamala, ndi chala chimodzi, monga amasambitsira khanda kuseri kwa makutu. Inayera. Anaikwechanso, inawala mbee.

M'mawa Chawanangwa anafika ndi galasi lija. Anayang'ana nthawi yaitali, natembenuza, nayang'ananso.

“Amama, mwaitsuka?”

“Inali yakuda.”

“Eya.” Anatsitsa galasi. “Kuda kuja n'kumene kunkagwira mizere. Siliva yake inali itatha kale, tsono mchenga...”

Mbali zonse ziwiri zinali see, popanda mutu, popanda chilembo, kabowo kokha kali pakati pa kuwala.

“Yang'ananso, Chawanangwa.”

Anayang'ananso, powalemekeza chabe.

Amayi Esme sanadzudzule munthu, ngakhale manja awo omwe. Anangowapukuta pachitenje, ngakhale anali ouma. Loweruka m'mawa anavala duku loyera la kumpingo, natsetsereka ndi ndodo mpaka kumaziko kuja. Amisiri anali akusakaniza kale simenti, wailesi ikuimba pamulu wa njerwa. Chawanangwa anawalozera pakona pamene makina analirira.

“Ibwezere pomwepo,” anatero amayi Esme.

“Bwanji osaisunga? Mwina ndi yanu ndithu.”

“Mwina. Koma ngati si ya mwana wanga, ndi ya mwana wa mnzanga wina. Sindingamuvule.”

Chawanangwa anatsikira m'mazikomo, naikankhira m'dothi ndi chala chachikulu. Mmisiri wina anafunsa ngati agogowo akutsirika nyumba ya bwana, anzake n'kuseka. Wilibala yoyamba ya simenti inakhuthulidwa pomwepo.

Nyumbayo inatha, ya malata obiriwira ndi mpanda wa njerwa. Siili panjira ya kutchalitchi, koma kuyambira chaka chimenecho amayi Esme ankazungulira kumeneko Lamulungu lililonse, mpaka miyendo inawakana. Pageti sankaima, poti sankadziwa ngati ali ndi choimira. Ankangochepetsa mwendo pofika pakona paja, n'kupitirira.