Nkhuku zafa, mlandu wagwera mkamwini

Mwaswera bwanji nonse? Lero kumudzi kuno kunali nkhani.

Paja nkhuku za amayi zatha ndi chitopa. M'mawa malume a Kalisito anatiitanitsa pakhonde, atanyamula tambala wakufa. Akuti chibwerereni alamu a Piyo, amuna a achemwali anga a Aginesi, kudzakhala chikamwini, nkhuku zikungofa, ndiye abwerere kwawo ku Mphunzi. Aginesi anangoyamba kulira. Ine mtima unandiwawa, koma malume ungawayankhe?

Amayi ndi amene anafunsa, mofatsa: "Achimwene, chaka chatha nyengo yomwe ino nkhuku zinafanso. Mkamwini wake anali ndani?" Amayi anapitiriza: "Nanga kwa a Nabanda kuja zatha zonse, kuli mkamwini kumeneko? Munthuyu wabwera, nkhuku zafa, inde. Koma zinthu zikatsatana, sindiye kuti china chachititsa chinzake."

Abale, mukanamuona tambala uja! Poyamba malume ankamugwedeza m'mwamba ngati mboni. Funso loyamba, tambala anatsika kufika m'chiuno. Lachiwiri, anamuika pansi pang'onopang'ono, n'kupukuta manja pathalauza. Kenako anati, "A Piyo, ndinafulumira."

Panopa alamu sakupita kulikonse. Mawa iwo ndi malume apalasa njinga limodzi kupita ku Bembeke, kukafunsa alangizi za katemera wa nkhuku.

Tsono ndithandizeni nzeru. Pamwambo wathu, wonamizira mnzake amapepesa ndi nkhuku. Nanga malume apepesa ndi chiyani, poti zawonso zatha, chonsecho kwawo kulibe mkamwini?