Mitu ya Agogo m'Dengu

Galimoto yathu tinkaitchula kuti Agogo, chifukwa inkayamba yatsokomola m'mawa uliwonse isanavomere kuyenda. Inali kombi yakalekale, ya injini yakumbuyo yosamwa madzi, yozizira ndi mphepo basi. Amuna anga, amene anali khukhi, anaigula kwa mzungu wawo pamene mzunguyo ankasamuka kuthawa nkhondo. Mu Mabvuku monse, lokeshoni imene tinkakhala kudziko la eni, tinkayenda modzimva.

Koma Agogo anasankha nthawi yoipa yodwalira. Bambo anga anali okha ku famu ya fodya chakumpoto, kumene nkhondo inali itafika pakhomo ndipo basi inali itasiya kupitako. Tinali titawalonjeza m'kalata kuti tikawatenga Loweruka. Tili mkati mokonzekera, Lachinayi lina injini inangoti gogogo, n'kuzima.

Makaniko wa mumzere wathu anaimasula pansi pa mtengo wa mapeyala. Anatulutsa zitsulo ziwiri zotuwa, za zipsepse ngati nsomba, n'kutiuza kuti imeneyi ndiyo mitu ya injini. Umodzi unali utang'aluka pakati pa mavalavu, winawo mpando wa valavu unali utaguluka.

"Izi si za sipanala, mayi," anatero. "Zikufuna makina. Zatsopano musafunse n'komwe, dziko lino analitsekera katundu wakunja."

Amuna anga ankapuma Lamlungu lokha, tsiku loti magalaja ngotseka, choncho ntchito yosaka inagwera ine. Ndinakulunga mitu ija m'chitenje, kuika m'dengu, n'kusenza. Masabata anatha ndikupondaponda tauni. Pena ankati amakonza za injini zamadzi zokha, pena ankati aluminiyamu ngwamwano, ukamuwotcherera amapindika. Mzungu wa galaja ina sanasuzumire n'komwe m'dengumo, anangoti sakufuna matimati. Ndinapsa mtima, ndinamutukwana m'Chichewa kwinaku ndikumwetulira, iye n'kumagwedeza mutu ngati ndikumudalitsa.

Masiku amenewo aliyense ankaopa mtolo wosadziwika chifukwa cha mabomba. Tsiku lina masana ndikubwerera kunyumba chimanjamanja, kondakitala wa basi anandilandira dengu, n'kudabwa ndi kulemera kwake.

"Nhai amai, chii chiri muno?" anafunsa, kufuna kudziwa zimene ndanyamula.

Chishona changa chinali chotsimphina. Ndinkangotenga za mumtima mwanga n'kuziveka malaya a eni dziko. Ndinayankha mokweza, "Misoro miviri yaGogo. Vakafa neChina, ndiri kutsvaga anoigadzira." Ndiye kuti ndinauza basi yonse kuti m'dengumo muli mitu iwiri ya agogo, anamwalira Lachinayi, ndipo ndikusaka woikonza.

Anthu onse m'basimo anatembenukira kwa ine. Mayi amene anali pafupi nane ananyamuka n'kukaima pakhomo. Dalaivala anazimitsa injini, wina n'kutchula za polisi. Ine ndili tuzu, osadziwa kuti ndalakwa pati.

Kenaka kumbuyo kunamveka phwete. Anali bambo wina waimvi, wovala ovololo yothimbirira ndi girizi, akuseka mpaka kupukuta misozi.

"Mayi, ndinu a kumudzi eti?" anandifunsa m'Chichewa. "Agogo anuwo anabadwa ndi mitu iwiri? Tamasulani tione."

Nditafunyulula chitenje, anthu anafa nazo nseko, ngakhale mayi wothawa uja. Manyazi anandigwira, koma nanenso ndinaseka mpaka m'mimba kuwawa. Bambo aja ananyamula mutu umodzi n'kuyendetsa chala pamng'alu paja.

"Ka kombi aka," anatero. "Mwavutika chabe ndi magalaja, iwo amangomasula ndi kumanga. Mawa mubwere ku Msasa, kuseri kwa malo ogulitsa matabwa. Chikwangwani palibe, mungotsata phokoso."

Malowo anali shedi yamalata ya Mpwitikizi wina wosayankhulayankhula, koma manja a ntchito anali a bambo waimvi aja, kwawo ku Ntcheu ngati ine. Mng'alu anaukumba kaye, n'kuuwotcherera, n'kupala mpaka kusalala. Mpando wa valavu anausema pa makina kuchokera ku chitsulo chakale chimene anachitola pa mulu wa zotaya. Kenaka anachita zimene mpaka lero ndikazifotokoza anthu amati ndikunama. Mutu anaulowetsa mu uvuni, mpando uja n'kuuika mufiriji pakati pa mabotolo a zakumwa.

"Achimwene, mwasanduka khukhi?" ndinawafunsa. "Ndikanadziwa bwenzi nditangowapatsa amuna anga."

"Uyu afutukuke ndi moto, uyu akhwinyate ndi chisanu," anayankha. "Akakumana salekananso. Inu gwirani wotchi, mundiuze ikakwana nthawi."

Ndinaigwira wotchiyo ndi manja awiri. Atautulutsa mutu ndi nsanza, mpando unangolowa kuti kwapu, popanda ndi hamala yomwe. Ndinalulutira mushedimo mpaka Mpwitikizi uja anasuzumira pazenera. Bambo waimvi aja anandilangiza kuti pokwera mitunda tiziisiya injini ipume, ndipo tisadzayerekeze kuithira madzi ikatentha.

Titaimanganso, kombi inalira pa kiyi woyamba. Loweruka m'mamawa tinanyamuka, amuna anga atapempha tchuthi kuntchito ali pa chiwongolero, ine ndikupemphera pa malo aliwonse amene asilikali anatiimitsa. Tinali titachedwa ndi masabata asanu, ndipo kuchokera kwa bambo kunalibe mawu alionse. Titayandikira famu ndinaona nyumba za pakomboni zambiri zili pululu, zina zopanda madenga. Mtima unangoti myuu.

Bambo tinawapeza m'mphepete mwa msewu. Anali atakhala pa bokosi lawo lachitsulo, atavala jekete la kutchalitchi, pambali pali nkhuku zitatu zomanga miyendo. Mayi wina wa pakomboniyo anandinong'oneza kuti Loweruka lililonse ankatulutsa bokosilo m'mawa, dzuwa likapendeka n'kulibwezanso m'nyumba, anthu akuwaseka kuti ana a m'tauni anawaiwala.

Ndinagwada pafumbi pomwepo, misozi ili chuchuchu, yachimwemwe ndi yamanyazi yomwe.

"Bambo, tachedwa. Mutikhululukire."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kombi, n'kutembenukira kwa anthu amene anali atayamba kusonkhana, kuti aliyense amve bwino.

"Mwachedwa bwanji? Kalata yanu inati Loweruka, sinanene kuti liti. Dzuka mwana wanga, tsegula chitseko, nkhukuzi zatopa."