Alendo a ku Barking

Ndine ndinayambitsa zonsezi, ndipo mawu a mzungu wa ku banki aja ndinawayeserera bwino moti mpaka lero ndimadzinyadira. Chimene sindinkadziwa n'chakuti uthenga wa pa foni ungathe kusiyitsa adadi kudya.

Tinkakhala mu fulati ya lendi ku Ilford, pamwamba pa shopu ya nkhuku zokazinga. Ine ndinkagona pabalaza, ndipo yunifomu yanga ya kusekondale inkanunkha mafuta sabata yonse. Landilodi anali atatiuza kuti akugulitsa fulatiyo, tituluke chilimwe chisanathe. Adadi amayendetsa basi, amami amasamalira okalamba, ndipo chichokereni ku Zomba akhala akudzimana kuti adzagule nyumba yawoyawo. Anaipeza ku Barking, yakale, yopapatiza, koma pafupi ndi siteshoni ya sitima. Siteshoniyo ndi imene inawakopa adadi. Pulani yawo inali yoti tikhalemo mpaka ine nditamaliza sukulu, kenako iwo ndi amami abwerere kumudzi, nyumbayo aikemo anthu a lendi.

Amene ankatithandiza kupeza ngongole ya nyumba ku banki anali mayi wina wa ofesi yaing'ono pa msewu waukulu wa Ilford. Ife tinkangowatchula kuti abuloka. Tsiku loyamba anawauza adadi kuti ngongoleyi ndi ya nyumba yokhalamo eni ake, ndipo sangaichititse lendi banki isanavomereze. Adadi anamva zoposa pamenepo. Atafika kunyumba anatseka zenera la kukhitchini.

"Kuyambira lero mawu akuti lendi asamveke muno," anatero. "Pa foni ayi, kutchalitchi ayi."

"Ndiye tiziti chiyani?" amami anafunsa.

"Tiziti alendo."

"Kwathu mlendo salipira."

"Awa ndi alendo a ku London, amalipira."

Basi zinayambira pamenepo. Alendo athu adzakonda siteshoni. Alendo athu tidzawaikira shawa yatsopano. Ankanong'ona ngakhale tili atatu tokha, maso ali pa foni yawo ngati ili ndi makutu. Munthu ngati ine ndikanapirira bwanji?

Pa nthawi ya nkhomaliro kusukulu ndinabwereka foni ya mnzanga, n'kubisa nambala, n'kulowa m'kalasi mopanda anthu. Ndinkadziwa kuti adadi ali pa chiwongolero ndipo sayankha, choncho ndinasiya uthenga. Ndinayankhula Chingerezi cha m'mphuno, chija amalengezera masiteshoni m'sitima. Ndinati ndikuimba kuchokera ku nthambi yofufuza ya banki yawo, tamva zonse zokhudza alendo, asavutike kutiimbira, tiwapeza tokha. Mawu akuti alendo ndinawasiya m'Chichewa momwemo kuti nthabwala ikome. Mnzangayo anaseka mpaka anagwera pansi pa desiki.

Ndinkayembekezera kuti ndikafika kunyumba ndipeza phokoso, ndiseke, ndiulule, andithamangitse ndi silipasi, zithe. Ndinapeza adadi atakhala pa sofa ndi yunifomu ya ntchito, nsapato zili kuphazi, wailesi yakanema yozimitsa. Foni anali ataizimitsa n'kuiika mu dirowa ya masipuni. Amami atabwera, adadi anangowauza kuti, "A banki adziwa." Amami anapempha kuti aumve uthengawo, adadi anakana. Anati kuutsegulanso n'kudziitanira mavuto.

Sindinaulule. Ndinati ndidikire kaye mawa.

Mawa lake adadi sanapite kuntchito. Manja ankawanjenjemera, ndipo anati sanganyamule miyoyo ya anthu ndi manja otere. Chibadwire changa ndinali ndisanawaonepo akujomba. Chakudya ankangochiyang'ana. Anayamba kutchula mmodzimmodzi anthu amene ankawaganizira kuti atinenera ku banki: mkulu wa mpingo uja anafunsa kwambiri za nyumba, mlamu wa ku Peckham uja amakonda nsanje. Amami ankawaletsa, koma nawonso ndinawamva pa foni m'bafa akufunsa mnzawo ngati akudziwa chipinda chilichonse choti anthu atatu angafikiremo. Landilodi ankabweretsa anthu odzaona fulati, akutsegula makabati athu ife tili chiimire. Mayi wina anayeza khoma la pabalaza ndi tepi, pomwe ndinkagonapo, osandiyang'ana n'komwe.

Ndikafuna kuulula, ndinkayang'ana nkhope ya adadi n'kuona kuti nthawi yoseka inadutsa kale. Tsiku lililonse limene ndinakhala chete linkakulitsa mlandu. M'kalasi sindinkamva kanthu. Ndinkangoona katundu wathu ali m'matumba akuda pa siteji ya basi.

Loweruka m'mawa adadi anatuluka kuchipinda atavala suti ya kutchalitchi.

"Tikupita kwa abuloka," anatero. "Ndikaulula zonse, ndikawauze kuti nyumbayo tayisiya. Bola kusowa pokhala kusiyana n'kumangidwa chifukwa chonamiza banki. Angandilande ndi mapepala okhalira m'dziko muno omwe." Anandiloza. "Nawenso tiye. Chingerezi cha m'maofesi chimathamanga."

Tili m'njira ndinayesa. "Adadi, mwinatu ndi akuba a pa foni aja. Amaimbira aliyense."

"Akuba adziwa bwanji za alendo?"

Amami ankayenda kumbuyo, milomo ikugwedera, akupemphera chamumtima.

Abuloka anatilandira ndi nkhope yosangalala, akuti mapepala akuyenda bwino. Adadi sanakhale pansi. Anaima ngati mwana pamaso pa ahedi n'kunena zonse: za kumudzi, za siteshoni, za shawa. Anamaliza ndi kupempha kuti ngongoleyo aiimitse lero lomwe. Mayiwo anawafunsa ngati tikufuna kukakhalamo ife eni. Adadi anati inde, zaka zambiri. Mayiwo anati ndiye palibe mlandu. Kuganiza za mtsogolo sikoletsedwa, nthawiyo ikadzakwana adzapemphe chilolezo ku banki, basi.

Ndinapuma. Ndinaganiza kuti ndapulumuka. Koma abuloka anali asanamalize. Anati banki siisiya mauthenga otere, ndipo ngati pali munthu wachinyengo amene akudziwa za ngongole yathu, ayenera kuwadziwitsa a banki nthawi yomweyo. Anati a banki angathe kuimitsa kaye zonse kuti afufuze, ndipo wogulitsa nyumbayo ndi munthu wofulumira, ali ndi wina amene akudikirira. Nambala yobisika si vuto, anatero, apolisi amaipeza. Ndinaganiza za mnzanga uja ndi bambo ake, amene ndi ovuta kuposa anga.

"Tiumve uthengawo," anatero abuloka, dzanja lina lili kale pa foni ya pa desiki.

Adadi anayatsa foni yawo n'kuiika patebulo ngati ikuwotcha. Mawu anga anadzaza ofesi yonse, aulemu, ozizira, a m'mphuno. Kunena chilungamo, ngakhale mantha anali atandigwira chonchija, ndinamva kuti ntchito ndinaigwira.

"Bwerezani," amami anatero.

Adadi anabwereza. Ulendo uno amami sankayang'ana foni.

"Bambo ake mwana, mzungu ameneyu anakulira kuti?"

"Ukutanthauza chiyani?"

"Anzanga kuntchito akhala nane zaka zonsezi, dzina langa amalipotoza mpaka lero. Uyu akuti alendo bwinobwino ngati wobadwira ku Chinamwali." Anatembenuka pang'onopang'ono. "Ndipo akamaliza chiganizo akukoka mamina ngati munthu wina amene ndinabereka ine."

Abuloka sankamva Chichewa, choncho anali atanyamula kale foni n'kuyamba kudina manambala. Ndinaimirira, mpando n'kugwa.

"Musaimbe, ndine," ndinatero m'Chingerezi changa chenicheni, chimene chinatuluka chopyapyala ngati cha mwana wa pulaimale.

Mayiwo anaika foni pansi. Anandiyang'ana, anayang'ana adadi, kenako anapita pa makina osindikizira n'kuyamba kuwakonza ngakhale sanawonongeke, mapewa akugwedezeka. Adadi sanandiyang'ane. Anakhala pansi koyamba chilowereni muja, n'kuvula chipewa.

"Ndiye nyumba ilipo?" anafunsa motsitsa.

"Ilipo," anatero abuloka osatembenuka.

Tinabwerera ku fulati. Adadi analowa mu shopu ya pansi pa fulati, anagula nkhuku, anadya yonse okha ataimirira kukhitchini, mafupa n'kundipatsa kuti ndikataye.

Chilango chinadikira makiyi a nyumba ija. Foni yanga inalandidwa tsiku lomwelo, koma adadi anati zenizeni ndidzaziona ku Barking. Makoma onse a nyumbayo anali omata mapepala amaluwa, ena pamwamba pa ena, a anthu amene anafa kalekale. Anandipatsa chopalira, ndowa ndi kamakina kotulutsa nthunzi yofewetsera mapepalawo, n'kunena kuti holide yonse ya pakati pa temu ndi yanga ndi makomawo, kuyambira pakhomo mpaka kudenga la masitepe, ndipo kupenta ndidzapentanso ndekha. Anzanga ankapita kukasewera mpira, ine ndili pa makwerero, zala zitatuwa, tizidutswa ta maluwa tili m'tsitsi.

Sindinadandaule. Nthunzi ija inandichotsa ziphuphu zonse, ndipo amami ankandibweretsera tchipisi mobisa. Nditamaliza kupala chipinda cha makolo, khoma linali loyera bwino moti linandimvetsa chisoni, ndiye ndinajambulapo nkhope ya adadi ndi maka yakuda, cholembera chija cha inki yosafufutika, maso ali tong'o, chipewa m'manja, kenako n'kupentapo. Sindinkadziwa kuti inki ya maka imatulukiranso pamwamba pa penti. Pano makutu ayamba kuoneka. Adadi akuti ndi chinyezi, ndipo akufuna kuitana munthu adzachione.