Dyness Amagwira Kaye Radiator

Dyness amayendetsa basi ya ana a sukulu ku Blanchardstown, kutsidya kwa nyanja, ndipo amakhala ku Tyrrelstown ndi ana ake awiri. Misonkhano saikonda. Koma khonsolo itafuna anthu oti azithandiza pakagwa ngozi, analembetsa. Ntchito inali yochepa: kukawomba chimphepo, aziimbira foni okalamba a m'dera lake n'kuwafunsa ngati ali bwino.

Chimphepo chinawombadi m'Januwale, magetsi n'kuzima. Dyness anaimbira Bambo Enos, mkulu wa kwaya kutchalitchi, amene amakhala okha chimwalirire akazi awo.

"Muli bwanji, bambo?"

"Tili bwino, mwananga. Kaya inu ndi ana?"

Zinathera pomwepo. Wamkulu akati ali bwino sumufunsa kachiwiri, ndipo wamkulu sadandaulira mwana pa foni. Onse awiri anasunga mwambo. Patapita masiku, aneba anawapeza Bambo Enos atavala majekete awiri, akutsokomola. Anakagona kuchipatala ndi chibayo.

Khonsolo itaitana anthu kuti akonzenso dongosolo la nthawi ya ngozi, ambiri anakamba za majenereta ndi mitengo yogwera pamsewu. Dyness ananena chimodzi chokha: kwa anthu akwathu foni siyokwanira, pamafunika kugogoda n'kulowa m'nyumba. Wapampando anati anthu oyenda khomo ndi khomo ndi ochepa. Dyness anati ku Tyrrelstown adzayenda yekha. Zinalembedwa choncho.

Chaka chino chimphepo chabweranso. Magetsi atazima, Dyness anayambira kwa Bambo Enos.

"Odi kuno."

"Lowani. Mwavutikiranji ndi mphepo yonseyi? Ife tili bwino."

Dyness anapinda maondo, napereka moni wonse bwinobwino, osadumpha ngakhale za adzukulu a ku Zomba. Kenako anaika dzanja pa radiator, chitsulo chotenthetsera m'nyumba. Inali zii.

"Bambo, tengani mankhwala anu. Ku holo ya community centre n'kofunda, kuli heating ndi tiyi."

"Iwe, ukundiyesa wabodza?"

"Ayi, bambo. Inu muli bwino. Nyumbayi ndiye siili bwino."

Bambo Enos anang'ung'udza kuti ana a masiku ano alibe ulemu, amafika pogwiragwira katundu wa eni. Akunena choncho n'kuti akufunafuna chipewa. Dyness anawanyamulira chikwama.

Pofika pagalimoto Bambo Enos anaima.

"Ine sindikhala kumbuyo ngati ana ako a sukulu aja."

Dyness anawatsegulira chitseko chakutsogolo.