Kolifulawa Amene Ndinakwirira

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anachotsedwa ntchito ku mgodi wa ku Chakari. Chifuwa chinali chitawamaliza. Tinasamukira ku Kadoma, m'chipinda chimodzi anthu anayi: bambo, mayi, ine ndi mlongo wanga Esinati, wa zaka zinayi.

Tinkadya sadza, nsima ya kuno, ndi mchere. Esinati anawonda, tsitsi linafiira, nkhama zinayamba kutuluka magazi. Ku kiliniki nesi anamuyang'ana m'kamwa nthawi yaitali. Anati mapiritsi okha sangamuchize, mwanayo ankafunika masamba ndi nsinjiro tsiku lililonse. Mayi anavomera. Kunja analira, chifukwa ndalama zogulira ndiwo panalibe.

Atsibweni ankagwira ntchito ya m'dimba pa famu ina kufupi ndi Chegutu. Anatibweretsera mbande makumi awiri zokulunga m'saka lonyowa.

"Uyu ndi kolifulawa, m'bale wake wa kabichi," anatero. "Amalimbitsa nkhama, sakanganso m'mimba mwa mwana. Koma ndi bwana, safuna ludzu."

Bambo anabzala kuseri kwa nyumba atagwada, akupumira m'mwamba. Madzi ndinkatunga ine ku mjigo, zigubu ziwiri m'mawa, ziwiri madzulo. Nyengo yonse yozizira manja anga anali ong'aluka. Nsabwe za m'masamba tinkazithira phulusa.

Patapita miyezi iwiri ndi masiku, pakati pa masamba panatuluka timitu toyera ngati dzira. Bambo anasonkhanitsa masamba a mbewu iliyonse n'kuwamanga pamwamba ndi ulusi wa saka. Kamutu kanabisika. Sanali munthu wofotokoza.

"Usamasule," anatero. Basi.

Sabata lomwelo anatsokomola magazi. Mayi anapita nawo kuchipatala ku Chegutu, kufupi ndi atsibweni. Ife anatisiya m'manja mwa Amayi Asiyatu, Msilamu wa nyumba yoyandikana nafe, amene ankakhala tsiku lonse pasiteshoni ya basi kugulitsa zitumbuwa.

Esinati anasiya kusewera. Ankangogona pakhomo, ntchentche zikumuzungulira pakamwa.

"Mukoma, ndine nzara," ankatero m'Chishona, kundiuza kuti ali ndi njala, mawu ngati a mwana wa mphaka.

Ndinaganiza ndekha. Chimanga chimakula ndi dzuwa. Nanga chomangidwa mumdima chingakule liti? Ndinamasula mbewu zonse, n'kutambasula masamba kuti dzuwa lifike bwino.

Linali dzuwa la Seputembala. Tsiku lachinayi mitu ija inali yachikasu, ina ya mawanga ofiirira. Ndinanunkhiza. Ndinati yasanduka poizoni. Ndinaganiza za lamba wa bambo, ndinaganiza za nkhope ya mayi. Ndinazula mitu isanu ndi umodzi imene inaipitsitsa, ndinakumba kudzala n'kuikwirira, pamwamba n'kuwaza phulusa. Ndinakonza bodza loti mbuzi za eni zinalowa.

Patatha masiku awiri ndikuzula mutu wina, mthunzi unandigwera.

"Iwe! Ukuchita chiyani ndi chakudya?" Anali Amayi Asiyatu, dengu lili pamutu.

"Chaola, amayi."

Anandilanda mutuwo, anabenthula kachidutswa n'kutafuna.

"Chaola n'chiyani, mutu wakowo? Dzuwa langomupsereza khungu. Bambo ako anamanga kuti akhale woyera ndi wofewa. Wachikasu amadyedwa. Ngakhale masambawa ndi ndiwo. Nanga m'mipata umu munali chiyani?"

Anandigwira khutu, khutu linawatsogolera kudzala. Ndinafukula ndi manja. Fungo linatikankha. Mphutsi zinali zitayamba kale ntchito. Chakudya cha Esinati cha sabata lathunthu ndinachipereka kwa mphutsi, iye akulira njala mapazi khumi kuchokera pamenepo.

Amayi Asiyatu sanandimenye. Anandipatsa ulusi. "Manga otsalawo. Ulire pambuyo."

Masana omwewo anaphika mutu umodzi ndi masamba ake, pang'ono chabe kuti usafe mphamvu, n'kutendera nsinjiro zawo. Anauphwanya ndi supuni. Esinati anadya akulira, m'kamwa mukuwawa, koma anadya. Mawa lake anadyanso. Ine ndinkayang'ana supuni iliyonse mpaka italowa. Tinkathyola masamba apansi kuti mitu ichedwe kutha. Sabata lachitatu Esinati anadzuka m'mawa pilo wopanda dontho la magazi.

Bambo anabwera ataonda ngati mpini. Asanalowe m'nyumba anazungulira kuseri. Anaima pamipata ija. Amayi Asiyatu anali atawauza kale zonse. Ndinadikira lamba. Sanauvule.

"Unamasula chifukwa cha njala ya mlongo wako. Ndamva," anatero. "Nanga unakwirira chifukwa cha yani?"

Analowa m'nyumba akutsokomola. Chaka chotsatira tinawaika m'manda.

Lero ndimakhala ku Chegutu. Esinati ali ndi ana atatu, mano ake onse alipo. Kuseri kwa nyumba yanga kolifulawa saphonya chaka. Pomanga masamba ndimaitana ana anga n'kuwauza chifukwa chake, kuti asachite kuganizira ngati ine. Ndimawauzanso kuti akaononga chinthu abwere nacho m'manja. Kumasula kuja kunangosintha mtundu wa ndiwo. Chimene chinatsala pang'ono kupha mlongo wanga ndi dzenje limene ndinakumba poteteza msana wanga.